Tinkati ndi mwano, chonsecho mwana sankamva

Mwana wanga wachiwiri, wamwamuna, anabadwa akumva bwinobwino. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa ndi zomwe zinatisocheretsa tonse pakhomo pano. Pofika chaka ndi theka ankati "amama", ankati "madzi", ankathamangitsa nkhuku uku akuzikalipira. Atapitirira pang'ono zaka 2 anadwala: thupi kutentha ngati mbaula, khosi gwa, kenako kukomoka. Tinagona naye m'chipatala milungu iwiri ndipo adokotala anati ndi matenda oumitsa khosi. Tsiku lotuluka ndinkangothokoza Mulungu kuti ndikubwerera naye kumudzi ali kumsana, wamoyo. Zoti matenda amenewa amatha kusiya mwana atawonongeka makutu ndinadzazimva patapita zaka zisanu ndi chimodzi.

Mawu ake anayamba kuthothoka limodzilimodzi. Amene anatsala anapindika, "madzi" anasanduka "aji", kenako anangotsala kuloza ndi chala. Apongozi anga anati tisadandaule, bambo akenso anachedwa kuyankhula. Ena anati lilime ndi lomangika pansi, tikalidulitse. Ena anati pali dzanja la munthu. Kwa asing'anga tinapitako, kumapemphero a usiku tinapitanso, nkhuku ziwiri ndi mbuzi zinathera m'njira zimenezo. Chomwe chinkatitsekereza maso n'chakuti mwanayo ankamva zina. Chitseko chikamenyeka ankatembenuka. Ng'oma ikalira kubwalo ankathamangira komweko. Njinga yamoto ikamabwera ankapatuka. Ndiye ukamuitana n'kukhala chete, umati bwanji? Tonse tinagwirizana kuti amamva akafuna. Ine mayi wake ndinamukwapulapo kangapo chifukwa cha "mwano" umenewo, ndipo mpaka lero ndikakumbukira mmene ankandiyang'anira, osadziwa chimene walakwa, mtima umandiwawa.

Ali ndi zaka 6 ndinakamulembetsa Sitandade 1 pasukulu ya m'mudzi mwathu. M'kalasimo munali ana oposa 100, atakhala pansi, iye n'kumakhala kumbuyo kwenikweni pafupi ndi khomo. Chaka chinatha, anabwereza. Chachiwiri chinatha, anabwerezanso. Anzake anamupatsa dzina loti gonthi, ena ankati chitsiru. Aphunzitsi ake oyambawo sindiwaimba mlandu kwambiri, pakuti munthu mmodzi sangaone nkhope zonse zija, koma zaka ziwirizo zinapita pachabe ndipo sizidzabweranso.

Amene anatitsegula maso ndi mayi wina amene anabwera kudzaphunzitsa Sitandade 1 m'chaka chachitatu. Sabata yachinayi ananditumizira uthenga kuti ndifike. Ndinapita mtima uli m'mwamba, ndikuganiza kuti wamenyana. Iwo anati, "Mayi, mwana wanuyu ndamuonetsetsa. Ndikanena kuti imirirani, amayamba wayang'ana anzake, ndiye amaima pomalizira. Ndikajambula chinthu pabolodi amakopera bwino kuposa ambiri. Ameneyu si wopusa ayi. Ndikukayikira makutu." Anamukhazika chotipatsa msana, iwo n'kuima kumbuyo kwake patali ngati mapazi atatu, n'kumutchula dzina ndi mawu wamba. Zii. Anakweza mawu. Zii. Atamenya desiki ndi rula ndi pamene anadzidzimuka. Ndinangoti kakasi.

Apa ndi pamene ndikufuna makolo anzanga amvetsetse njira yake, chifukwa ine ndinkaganiza kuti nkhani ya mwana waulumali imathera kuchipatala. Kuyeza kulipo kuwiri. Kwina ndi kwa achipatala, amene amakuuza chimene chavuta m'thupi ndi kukula kwake. Kwina ndi kwa mphunzitsi wa maphunziro apadera, amene amaona chimene mwanayo angathe ndiponso mmene angaphunzirire. Anthu awiriwa sakumana. Amene amanyamula mawu kuchoka kwa uyu kupita kwa uyo ndiwe kholo, ndipo ukapanda kutero pepala lililonse limangogona pomwe lalembedwera.

Ahedi anatilembera kakalata kopita kwa a PEA, mlangizi wa sukulu za pulayimale m'zoni yathu, amene amapezeka ku TDC, likulu la aphunzitsi a m'zonimo. A PEA ndiwo anatilumikiza ndi mphunzitsi wa ana aulumali amene amayendera sukulu zingapo panjinga. Aphunzitsi oterewa ambiri anaphunzira ku koleji ya Montfort ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, komwe amasula aphunzitsi a ana ovutika kumva, ovutika kuona ndi ovutika kugwira zinthu m'kalasi. Choncho ngakhale vuto la mwana wanu si makutu, khomo lolowera ndi lomweli: mphunzitsi wa kalasi, ahedi, a PEA, kenako ofesi ya maphunziro ya paboma, komwe kumakhala woyang'anira maphunziro a ana aulumali. Mukaona kuti pasukulu akuzengereza, pitani nokha ku TDC. Palibe amene angakubwezeni chifukwa chofunsa.

Mphunzitsi woyendera sukulu uja, yemwe anali bambo, anabwera patapita milungu itatu. Anayamba ndi ine, osati mwana. Anafunsa za nthawi imene ndinali ndi pakati pa mwanayo, ngati anabadwa masiku atakwana, ngati analira atangobadwa, ngati anakhalapo wachikasu, matenda amene anadwalapo, jakisoni amene anabayidwa, ngati m'makutu munatulukapo mafinya, ngati kubanja kuli wina wosamva. Mwayi wake buku lake la kuchipatala ndinali nditalisunga m'chikwama cha pulasitiki, lothimbirira koma lowerengeka. Atafika patsamba la matenda oumitsa khosi anagwedeza mutu n'kulemba. Musataye buku limenelo, ngakhale litadzaza n'kugula lina. Mbiri ya mwana ili mmenemo.

Atatero anakhala pamkeka ndi mwanayo. Anatulutsa zitsekerero za mabotolo zamitundumitundu n'kumuonetsa ndi manja kuti azisanje. Anasanja. Anaika zitatu, n'kuonjezera ziwiri, n'kumupatsa makadi a manambala. Analoza 5. Anamupatsa zithunzi zinayi za mayi akuphika nsima zosakanizika kuti aziike m'ndondomeko, kuyambira kutereka madzi mpaka kuomola. Anaziika osaphonya, ndipo anaseka poona chithunzi cha mthiko. Bambowo anatembenukira kwa ine nati, "Mayi, mutu wa mwanayu ulibe vuto. Chimene akusowa ndi chinenero." Ndinalira pamaso pa ana asukulu onse amene ankasuzumira pawindo.

Ulendo wa kuchipatala unali wautali kuposa mmene ndinkaganizira. Tinayambira pachipatala chaching'ono, anatitumiza kuchipatala cha boma lathu, kumeneko anaunika m'makutu n'kupeza kuti mulibe phula lotseka kapena mafinya, ndipo anatilembera kalata yopita ku Queens ku Blantyre, komwe kuli kiliniki yoyeza makutu. Kwa a m'chigawo chapakati, ku Lilongwe kuli kiliniki ya makutu ya ABC ku African Bible College. Paliponse pemphani kuti alembe m'buku zimene apeza ndi kumene akukutumizani. Ndalama ya minibasi ya anthu awiri, kawiri konse, inachokera kwa malume ake a mwanayu, achimwene anga, amene anagulitsa matumba awiri a chimanga. Kunena zoona, kwa ife a kumudzi chovuta chachikulu pa nkhani yonseyi ndi thiransipoti, ndiye ndi bwino kukhala pansi ndi akubanja musanayambe n'kuwauza kuti maulendo adzakhala angapo.

Ku Queens anamulowetsa m'kachipinda kotchinga phokoso, n'kumuveka zomvera m'makutu. Anamuphunzitsa masewera: ukamva kulira, ponya kathabwa m'ndowa. Ine ndinali pambali ndikuona woyezayo akudina batani, mwana ali phee, atagwira kathabwa pafupi ndi khutu, kudikira. Amadinanso, ali phee. Mpaka atakweza kwambiri ndi pamene kathabwa kankagwa m'ndowa. Pomaliza anatipatsa pepala lokhala ndi mizere, amalitcha audiogram. Tizilembo tofiira tozungulira ndi khutu lamanja, timitanda tabuluu ndi lamanzere. Manambala a m'mbali ndi mphamvu ya phokoso, ndipo chizindikiro chikatsikira pansi ndiye kuti khutulo likufuna phokoso lalikulu kuti limve. Lamanja linali cha m'ma 70, lamanzere linapitirira 90. Kucheza wamba kwa anthu kumakhala cha m'ma 50 mpaka 60. Ndiye kuti zaka zonse zija mawu anga ankadutsa osamukhudza.

Woyezayo anandimasulira chinthu chimene chinathetsa mkangano wa pakhomo pathu. Anati phokoso lilipo lamitundu iwiri, lokhuthala monga la ng'oma ndi chitseko, ndi lopyapyala monga "s" ndi "f" m'mawu athu. Ana ambiri otere amatsala ndi kakumva pang'ono ka phokoso lokhuthala, komanso zina amazimva ndi thupi, kunjenjemera kwa pansi. Koma timaphokoso topyapyala, tomwe timasiyanitsa liwu ndi linzake, timasowa. N'chifukwa chake ng'oma ankaithamangira koma dzina lake ayi. Nditafika kunyumba ndinawafotokozera apongozi anga zimenezi. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anamuitana mdzukulu wawo ndi dzanja n'kumukhazika pamiyendo.

Anamupima makutu ndi phala lofewa kuti aumbe zolowetsa m'khutu zomukwana, ndipo ulendo wachiwiri anamuveka timakina tothandiza kumva. Apa ndichenjeze, chifukwa ine ndinadzinamiza. Ndinkayembekeza kuti akangovala ayamba kuyankhula pa minibasi pomwepo. Sizitero. Kamakinako kamakweza phokoso, sikaphunzitsa tanthauzo. Mwana amene wakhala zaka zisanu ndi chimodzi osamva mawu amayenera kuphunzira kuti phokoso ili ndi galu, ili ndi dzina langa. Masiku oyamba ankativula n'kutibisa pansi pa mphasa. Tinayamba ndi ola limodzi patsiku, m'nyumba mopanda phokoso, n'kumaonjezera. Khutu lamanja linayamba kuthandizika, lamanzere mpaka lero silipindula kwenikweni.

Timakinati tili ndi ntchito yake. Mabatire ake ndi ting'onoting'ono ngati mabatani, kawirikawiri amatha milungu iwiri isanakwane, ndipo m'magolosale a kumudzi sapezeka, choncho tengani okwanira mukapita kukiliniki. Madzi ndi mdani wake: posamba, pamvula, kumtsinje, tivulidwe. Usiku timatsegula kachitseko ka batire n'kuika m'kabotolo kouma kotseka bwino. Kakayamba kulira kuti tswii mwana atavala, kawirikawiri ndiye kuti cholowetsa m'khutu chija chachepa chifukwa khutu lakula, pafunika kuumbitsa china. Ine ndinamangirira kachingwe n'kukapanira pa kolala ya yunifomu, chifukwa mpira wa pa buleki sukhululuka.

Titabwera ndi audiogram ndinkaona ngati ntchito yatha. Ndinaipereka kusukulu, anaiyamikira, anaiika m'kabati. Mwezi unatha mwana akukhalabe pafupi ndi khomo. Ndinabwerera kwa mphunzitsi woyendera uja, ndipo iye ndiye anaitanitsa msonkhano: ahedi, mphunzitsi wa kalasi, iyeyo, ine, bambo ake ndi malume ake. Anatulutsa fomu imene aphunzitsi amaitcha IEP, ndondomeko ya maphunziro ya mwana mmodzi payekha. Mmenemo amalemba zimene mwana akutha panopa, zimene tikufuna afikire pakutha pa teremu, amene achite chilichonse, ndi tsiku lodzaonanso. Zathu zinali zazing'ono koma zogwirika. Azikhala kutsogolo, chakumbali pang'ono, khutu lamanja lili kwa aphunzitsi, kuwala kwa pawindo kukugwera pankhope ya aphunzitsi osati m'maso mwake. Aphunzitsi asamayankhule atayang'ana kubolodi. Nambala ya tsamba ndi ntchito ya kunyumba zizilembedwa. Akhale ndi mnzake mmodzi womugwira paphewa zinthu zikasintha. Pakutha pa teremu adziwe kulemba dzina lake, mavawelo asanu, ndi zizindikiro za manja za zinthu makumi atatu za pakhomo. Gawo langa linali kuona mabatire m'mawa uliwonse ndi kuphunzira zizindikirozo limodzi naye.

Pemphani kope lanu la pepala limeneli. Aphunzitsi amasamutsidwa, ahedi amasintha, ndipo chaka chilichonse mumayambanso kufotokoza kwa munthu watsopano. Ine ndili ndi kope la masamba 80 mmene ndimamata mapepala onse ndi kulemba tsiku, amene ndakumana naye ndi zimene talonjezana. Ndikafika nalo pa ofesi anthu amandimvera mosiyana ndi mmene ankandimverera ndikubwera chimanjamanja.

Nkhani imene inatigawanitsa m'banja ndi ya sukulu. Sukulu za ana osamva m'Malawi muno zilipo zowerengeka: Maryview ku Nguludi, Mountain View ku Bvumbwe, Mua ku Dedza, Embangweni ku Mzimba, Bandawe ku Nkhata Bay, ndi ina ku Karonga. Ndi zogonera konko, makalasi ake ndi aang'ono, ndipo ana amayamba ndi makalasi okonzekera asanalowe Sitandade 1, n'chifukwa chake zimafuna mwana akadali wamng'ono. Malo ndi ochepa poyerekeza ndi ana ofuna. Njira ina ndi sukulu wamba yokhala ndi chipinda chapadera, chimene aliyense amangoti ku risosi, komwe mwana amaphunzira ndi anzake m'kalasi koma maola ena amapita kwa mphunzitsi wapadera. Bambo ake ankafuna yogonera. Agogo ake anakaniratu, amvekere mwana wosayankhula akazunzidwa kutali adzauza ndani. Mantha amenewo ndinali nawo inenso, ndipo si opanda pake.

Tinakaona imodzi mwa sukulu zogonerazo. Chimene ndinaona pabwalo lake sindidzaiwala: ana ali m'magulu, manja ali yakaliyakali, kukangana, kunenana, kuseka mpaka kugwa pansi. Mwana wanga anaima n'kumangowayang'ana, kukamwa kuli yasa. Kanali koyamba kuona kuti si iye yekha padziko. Tinalembetsa dzina, koma malo panalibe chaka chimenecho, ndipo zaka zake zinali zitapitirira kale za oyamba kumene. Apa ndi pamene kuchedwa kwathu kunatilipiritsa. Maganizo anga, nditaona mbali zonse, ndi akuti mwana amene samva kwambiri ndipo alibe chinenero chilichonse amapindula msanga pakati pa osamva anzake, ndipo ndikanadziwa ali ndi zaka 4 ndikanalimbikira njira imeneyo. Koma mwana amene akumvako ndi kamakina, sukulu yokhala ndi risosi ikhoza kumukwanira, bola mphunzitsi wake akhale wa za makutu. Funsani zimenezo mwachindunji, chifukwa risosi ina mphunzitsi wake anaphunzira za maso kapena za ana ochedwa kugwira zinthu, ndipo chinenero chamanja amangochidziwa pang'ono.

Tinapeza sukulu yotero patauni yaing'ono komwe amakhala mng'ono wanga, ndipo mwanayo amakhala kumeneko masiku a sukulu n'kubwera Lachisanu. Tisanaipeze, pasukulu ina yapafupi anandiuza kuti "ana oterewa si a kuno". Ndinabwerera misozi ili m'maso. Pambuyo pake a bungwe la makolo a ana aulumali la PODCAM anandiuza kuti mawu amenewo alibe lamulo kumbuyo kwake. Pulayimale m'dziko muno ndi yaulere kuyambira 1994, lamulo la za anthu aulumali la 2012 linaletsa kukaniza munthu maphunziro chifukwa cha ulumali, ndipo mu 2017 unduna wa zamaphunziro unakhazikitsa ndondomeko yoti ana onse aziphunzira limodzi. Akakukanizani, musakangane pakhonde. Pemphani mwaulemu kuti akulembereni chifukwa chake, mupite nacho kwa a PEA kapena ku ofesi ya paboma. Ambiri akamva zolemba amasintha mawu.

Za chinenero chamanja ndinali wouma mutu ndine. Ndinkaopa kuti akazolowera manja sadzayesanso kuyankhula, ndipo kunena mosabisa, ndinkachita manyazi kugwedeza manja pamsika anthu akuona. Amene anandisintha ndi telala wina wosamva wa patauni ija, membala wa MANAD, bungwe la anthu osamva. Ali ndi shopu yake, mkazi ndi ana atatu, ndipo amalemba miyezo ya makasitomala m'kope mwaukhondo kuposa ine. Kudzera mwa mwana wake wamkulu anandifunsa kuti, "Mukufuna adikire mpaka liti kuti akuuzeni kuti m'mimba mukumupweteka?" Ndinalibe yankho. Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse masana timakhala pakhonde la shopuyo, iye akusoka uku akutiphunzitsa. Zimene ndinkaopa sizinachitike. Mawu apakamwa a mwanayu anachuluka atayamba manja, chifukwa tsopano akudziwa kuti chinthu chilichonse chili ndi dzina. Alongo ake anagwira msanga kuposa ine. Bambo ake anachedwa, ankati zimenezo n'za amayi ndi ana, mpaka tsiku lina mwanayo anawafotokozera ndi manja kuti mbuzi yalowa m'dimba la aneba, iwo osamva, ndipo tinalipira chindapusa. Loweruka lotsatira anapita nawo kwa atelala.

Pano ali Sitandade 5, ndi wamkulu kuposa anzake a m'kalasi ndi zaka zitatu. Masamu amakhoza bwino. Chaka chino n'chovuta chifukwa kuyambira Sitandade 5 maphunziro amakhala m'Chingelezi, ndipo iye akulimbana ndi chinenero chachitatu pamene Chichewa cholemba sichinakhazikike. Pa IEP ya teremu ino tinalembapo kuti mawu atsopano a sayansi aziwaona ku risosi tsiku limodzi asanaphunzitsidwe m'kalasi, ndi zithunzi. Zikuthandiza, ngakhale masabata ena mphunzitsi wa risosi amaitanidwa kumisonkhano ndipo chipindacho chimakhala chotseka. Ndayambanso kale kukumbutsa ahedi za mayeso a Sitandade 8, chifukwa bungwe la mayeso la MANEB limakonzera ana aulumali zinthu monga mapepala a braille a osaona, zilembo zikuluzikulu ndi nthawi yoonjezera, koma sukulu iyenera kunena za mwanayo pa nthawi yolembetsa mayina, osati mayeso atayandikira.

Mwezi wathawu mayi wina wa m'mudzi woyandikana nafe anabwera ndi kamtsikana ka zaka 3 kamene kanadwala malungo aakulu chaka chatha, ndipo kasiya kuitana amake. Apongozi ake akuti bambo akenso anachedwa kuyankhula. Ndinakakhazika pamkeka chotipatsa msana, ndinaima kumbuyo n'kukatchula dzina. Mwana wanga anali pomwepo, anabwera Lachisanu. Anayang'ana kamtsikanako, anayang'ana ine, n'kuloza khutu lake, kenako anathamangira m'nyumba kukatenga kope langa lija. Lolemba tikupita limodzi kuchipatala kukatenga kalata.